Mapapaya Awiri Osapsa

Lolemba. Kutentha kwa Okutobala kwalowa m'kalasi
ine ndisanalowe.
Magetsi anathawa dzulo, fani yangoti duu kudenga.
Ophunzira makumi atatu ndi mmodzi akudzikupiza ndi makope,
ndipo patebulo ndaika mapapaya awiri osapsa
ndi majekeseni amene masiku ake anatha.

Bayani, ndikutero.
Twaibu akuseka, akuti wodwalayu alibe dzina.
Dzanja la Mwajuma likunjenjemera.
Ndikulisiya. Langa linanjenjemera zaka zitatu.

Iwo amafuna ndiwauze za ndege.
Sisita Mkwanda, munakwera zingati?
Kodi malipiro anali a madola?
Ndege sindinawerenge.
Ndinawerenga mabedi a kolera, oboola pakati,
chidebe pansi pa lililonse,
usiku wina ku Goma anakwana makumi asanu ndi limodzi
ndipo anamwino tinali awiri, tochi imodzi,
ndinailuma ndi mano kuti manja agwire ntchito.

Dziko lililonse ndinkayamba ndi mawu atatu:
madzi, pepani, kankha.
Ku Darfur mzamba wina wosadziwa kulemba
anandiphunzitsa onse atatu tsiku limodzi,
kenako anachotsa dzanja langa pamimba ya mayi
n'kuliika pomwe panali mutu wa mwana.
Satifiketi yanga inali m'chikwama. Sinanene kanthu.

Nchifukwa chake, Khumbize, iwe wochokera ku Ntchisi,
mayi wa ku Namwera akati mesi
usayang'ane kumbali kufuna womasulira.
Tunga madzi.

Pali zina zosalowa m'ndondomeko ya maphunziro.
Ku Kenema tinkavala pulasitiki kuyambira kumutu mpaka kuphazi,
thukuta likudzaza m'majombo.
Kamnyamata kena kanandifunsa ngati ndili ndi nkhope.
Ndinaijambula pachifuwa ndi cholembera chakuda,
maso awiri, pakamwa pokhota.
Kanagwira chithunzicho masiku anayi.
Lachisanu tinaotcha chovalacho pamodzi ndi bulangete lake.

Ndipo amayi anga.
Foni inalira ndili kuyeza mchere ndi shuga mu mgolo.
Achimwene anati, Asiyatu, adzuka ndi chifuwa,
kenako anati, Asiyatu, tabwera kumene kumanda.
Kwathu kwa Mponda sitigoneka maliro.
Ndinafika pa sadaka ya masiku makumi anayi
ndi sutikesi yodzaza mankhwala.
Azakhali anandipatsa mpunga, sanandiyang'ane.
Ndiwe wa anthu ena, anatero,
ndipo mpaka lero sindinapeze chowayankha.

Izi sindiwauza. Ndimati, sambani m'manja,
yambiraninso, mwaiwala chala chachikulu.

Masana tikulowa mu wodi ya ana.
Pabedi lachitatu pali mwana wa miyezi khumi,
liwombo lalowa, maso abwerera m'kati,
akulira popanda msozi.
Mtsempha wabisala.
Twaibu wayesa kawiri, sakusekanso.
Mayi wake akutiyang'ana mmodzimmodzi
ngati akusankha nkhuku pamsika.

Mwajuma, bwera.
Tseka maso. Usaufune ndi maso, wathawa kale kumeneko.
Gwira ndi nsonga ya chala, dikira,
ukamva ngati kaulusi konyowa pansi pa nsalu,
usapume.

Manja anga ndawapinda kumbuyo.
Akufuna kulanda singanoyo, akudziwa njira,
aichita m'matenti, m'malole, pansi pa mitengo,
ndikuwagwira limodzi ndi linzake ngati ana osamva.

Kadontho kofiira kakwera m'kapulasitiki.
Mwajuma watsegula maso.
Mata, ndikutero, usandiyang'ane ine,
werenga madontho.

Poweruka ndakwera kabaza kuoloka mlatho,
mapapaya aja ali m'jumbo pamiyendo panga,
mabala oposa zana lililonse,
utomoni woyera ukutulukabe.
Wakabaza akufunsa ngati ndi matenda a zipatso.
Ayi, ndi ana asukulu.
Ndikawasenda, ndikathira nsinjiro,
azakhali amakonda choncho, mano anawathera.
Mawa ndidzagula ena awiri.